Phazi Lanu Pansi pa Tebulo

Brunswick, Melbourne
11 Ogasiti 1996

Achimwene a Desmond,

Moni wa mlongo wanu ndi ameneyu, kaya muulandira nokha kaya muwapatsira alamu monga mumachitira ndi foni. Muli bwanji ku Loxton? Msana uja unaleka kukuvutani? Ndinamva pa wailesi kuti chisanu chagwa kwambiri m'mbali mwa mtsinje, ndiye ndikhulupirira kuti malalanje sanawauke onse. Ife kuno tilipo, kupatula denga la kukhitchini lomwe likudontha. Amuna anga a Gino akhala akulonjeza kulikonza kuyambira pa Isitala, ndipo pano tikudyera pambali pa ndowa.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni simupezeka. Mwezi uno wokha ndaimba kanayi, ndipo kanayi konse alamu a Glenys andiuza kuti muli kushedi yosungiramo malalanje. Shedi imeneyo muyenera kuti munaikamo bedi ndi bafa.

Nkhani ndi ya bambo. Musaipinde kalatayi, werengani mpaka pansi.

Ino ndi sabata yachitatu ali m'chipatala. Anagwa pamasitepe a kunyumba kwawo mpweya utawathera. Apeza kuti kachitseko kena ka mumtima mwawo kauma, magazi sakudutsa bwino. Dokotala wa opaleshoni, mayi wina wosazungulira polankhula, anatiuza kuti njira ndi ziwiri. Akawang'amba n'kuika kena, akhoza kukhala zaka zisanu kapena kuposa. Koma pa msinkhu wa zaka 81, ndi impso zawo zofookazo, mwa anthu anayi mmodzi sadzuka. Akapanda kuwang'amba, Khirisimasi ya chaka chamawa sadzaiona. Yankho akulifuna pofika Lachisanu pa 23 mwezi uno, apo ayi malo awo apatsidwa kwa wodwala wina.

Mutu wawo ukugwira bwinobwino. Nyuzipepala akuwerenga, ndipo anamwino atopa nawo pa nkhani za ndale. Choncho dokotala uja anafunsa iwo eni ake. Mukudziwa zimene anayankha a Dokotala Reuben Mattiske, munthu amene walemba mabuku asanu ophunzitsa anthu kusankha okha zochita? Anatembenukira kwa ine n'kunena kuti asankhe ndi Noeleen, chimene anene iyeyo ndi chimene asainire.

Ndinaseka, achimwene. Ndinaseka mpaka namwino wina anasuzumira pakhomo.

Inu bambo mumawadziwa mpaka mu 1961 basi, ndiye lekani ndikuuzeni za munthu amene ndakula naye ine. Chiyambi mukuchidziwa. Mwana wa mlimi wa malalanje, wanzeru kusukulu, yemwe mpingo unamutumiza kukaphunzira ubusa. Kenako nkhondo, n'kupita ku New Guinea kukanyamula ovulala pamachira. Nkhani imene amaikonda ndi ya msilikali wina amene ankafa matumbo ali panja, n'kuwafunsa kuti zonsezi n'zachiyani. Ati anafuna kumuwerengera vesi, koma m'kamwa munangouma gwa. Nkhani imeneyi ndaimva koposa kambirimbiri, ndipo nthawi zonse amaima kaye pamalo omwewo kuti omvera apukute maso.

Anabwerako opanda Mulungu, n'kuphunzira udokotala ku Adelaide, n'kukwatira amayi. Kenako zaka ziwiri zija anatisiya ndi malalanje iwo akuphunzira za matenda a maganizo ku Zurich. Mukukumbukira m'mene anabwerera, ndevu zili pepeya, atanyamula uthenga watsopano. Ubusa sanausiye konse ayi, anangosintha guwa.

Uthenga wake ndi uwu, poti ine ndingaulakatule ndili m'tulo. Munthu akabwera kwa iwo akusowa tulo, mtima ukugunda, akuopa zosadziwika, mankhwala samupatsa. Amati mantha si matenda, ndi thupi lakumbuka kuti lidzafa. Amamupatsa pepala ndi pensulo kuti ajambule mzere, uku kubadwa uku kufa, ndipo aike kamtanda pamene akuganiza kuti wafika. Kenako amangokhala chete, munthu uja akuyang'ana kachidutswa kamene katsala. Amati palibe amene angakufere, choncho palibenso amene angakukhalire moyo wako. Amati cholinga cha moyo sichitoledwa pamsewu ngati ndalama, munthu amachita kuchipanga yekha. Ukawafunsa kuti nditani, sayankha. Zaka makumi anayi akhala akudya za anthu popanda kuyankha funso limodzi.

Koma chimene anatchuka nacho ndi chitseko. M'chipinda chawo chogwirira ntchito munali lamulo limodzi. Wodwala akangonena kuti sindikanachitira mwina, kapena kuti anandikakamiza, bambo ankadzuka pampando, n'kukatsegula chitseko, n'kuima pamenepo osalankhula. Tanthauzo lake linali loti khomo ndi ili, palibe wakumanga. Ankaima choncho mpaka munthu uja atanena yekha kuti ndinasankha ndine. Akatero ankatseka n'kubwerera pampando. Lero lino ophunzira awo amatsegula zitseko kuyambira ku Perth mpaka ku Auckland.

Sindikana, ena anathandizika. Lachiwiri lapitali kunabwera bambo wina woyendetsa malole, thupi ngati nkhokwe, atanyamula jumbo la mandimu. Anandigwira dzanja m'khonde la chipatala n'kundiuza kuti pakadapanda adokotala bwenzi atadziponya pamlatho mu 1978, ndipo pano ali ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Anati ndine wodala kukhala ndi bambo otere. Ndinamuthokoza chifukwa cha mandimu.

Chimene bambo wamaloleyo sakudziwa n'choti chitseko chija sichinkathera kuntchito. Miyezi yoyamba ine ndi bambo titabwera kuno, inu ndi amayi mutatsala ku Loxton, ndinkalira amayi tsiku ndi tsiku. Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinawauza bambo kuti ndikufuna kwathu, sindinafune kubwera kuno. Anaika nyuzipepala pansi, n'kukatsegula chitseko cha kumaso, n'kuima. Kunja kukugwa mvula, magalimoto akudutsa, ine mwana wa zaka zisanu ndi zinayi wosadziwa ngakhale kumene kuli siteshoni. Tinaima choncho mpaka chipinda chonse chinazizira. Pomaliza ndinanena mawu awo aja. Anatseka, n'kundisisita kumutu, n'kunena kuti ndakula.

Ndiye munthu ameneyu lero akuti ndimusankhire.

Lachinayi ndinawafunsanso tili awiri. Ndinati bambo, mzere wanu uja ndi uwu, kamtanda ikani nokha. Anayang'ana kudenga. Kenako ndi mawu aang'ono, oti sindinawamvepo chibadwire, anati sangathe. Ati akatseka maso akuona tebulo la opaleshoni, akatsegula akuona Khirisimasi ija. Ati ndiwachitire chifundo, iwo sangachitire mwina.

Ndinadzuka, achimwene. Ndinakatsegula chitseko cha chipinda chawo, n'kuima pamenepo osalankhula. Anandiyang'ana, mapaipi ali m'mphuno, thumba la mkodzo likulendewera pambali pa bedi. Anazindikira. Misozi inayamba kutsikira m'makutu. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti tsiku limeneli lidzandikomera. Silinandikomere m'pang'ono pomwe. Ndinaima mwina mphindi imodzi, kenako ndinatseka ndekha n'kukawapukuta kumaso. Mpaka pano ndikudzida chifukwa chotsegula, ndipo ndikudzidanso chifukwa chotseka.

Pali mayi wina, Dokotala Prudence Ashby, wophunzira wawo wamkulu, amene akulemba buku la mbiri yawo. Amabwera tsiku lililonse ndi kope, ndipo bambo akatsokomola iye amalemba. Nditamufotokozera kuti akukana kusankha, anagwira pamtima n'kunena kuti limeneli ndi phunziro lawo lomaliza, lozama kwambiri, akutionetsa kulemera kwa ufulu. A Gino anali pomwepo akusenda lalanje. Amvekere, phunziro lanji amayi inu, mdalayu wangogwidwa ndi mantha ngati ife tonse, kusiyana kwake n'koti iye ali ndi masatifiketi pakhoma. Mayi uja analemba zimenezonso, kaya aziika mutu wanji.

Mayi yemweyo ndi amene wandichititsa kuti ndikhale pansi ndilembe. Akufuna ndimufotokozere za mwana wa patebulo. Inu mabuku a bambo simuwerenga, munanena nokha kuti bola kuwerenga za feteleza, ndiye ndikuuzeni. M'buku lawo loyamba, mutu woyamba, muli nkhani ya tsiku limene anasiyana ndi amayi. Analemba kuti sanafune kuchita zimene amachita makolo ena, kugawana ana ngati mipando. Anakhazika ana awo awiri patebulo lodyera n'kuwapatsa ufulu wosankha. Mnyamata anasankha mayi ake. Mtsikana anayang'ana mayi ake, anayang'ana bambo ake, n'kunena momveka kuti apita ndi bambo. Analemba kuti pa mphindi imeneyo anaona ndi maso awo munthu akubadwa kachiwiri, mfulu, wosenza yekha moyo wake. Ndime imeneyo imawerengedwa m'masukulu a ukachenjede. Anthu andiimitsapo m'sitolo kundifunsa ngati ndine mwana uja.

Mayi Ashby akufuna adziwe kuti ndinkamva bwanji mumtima. Ndamuuza kuti akafunse achimwene anga.

Tsiku lija linali Lamulungu, titabwerako kutchalitchi, amayi akuwotcha nyama ya nkhosa. Munandikokera kushedi, kuseri kwa mabokosi a malalanje. Munali mutamva kale zimene zikubwera. Munandiuza kuti bambo sadziwa ngakhale kuwiritsa dzira, akapita okha akafa ndi njala. Munati inu simungachoke chifukwa amayi sangathe kutsegula pampu ya madzi okha, ndiye ndipite ine. Munati pakatha miyezi itatu bambo adzatopa nayo tauni, tidzabwerera tonse awiri. Ndipo munalumbira, mutalavulira m'dzanja, kuti sitima ikangonyamuka mudzawauza amayi kuti mwandituma ndinu.

Patebulo paja anayamba kufunsa inu. Munayankha msangamsanga kuti amayi. Atafika pa ine ndinayang'ana amayi, ndipo ndinaona kuti akupotokola nsalu ya patebulo ndi zala. Zakushedi zonse ndinaziiwala. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti amayi. Pamenepo ndi pamene munandiponda phazi ndi nsapato yanu ya kutchalitchi ija, yachitsulo kunsonga. Munaponda n'kukanikiza osachotsa, nkhope yanu ili phee kuyang'ana mbale ya mbatata. Kubadwa kachiwiri kumene bambo anaona kunali kumeneko. Chikhadabo chinada bii, ndipo chinachoka tili kale kuno ku Melbourne.

Amayi simunawauze. Ndinadikira kalata yawo yonena kuti amva zonse, koma imene inabwera inali ya mizere isanu, yondikumbutsa kuvala juzi. Ndikabwera patchuthi ankanditulutsira makapu a alendo aja, amaluwa, inu mukumwera m'kapu yanu yobenthuka. Simudziwa m'mene ndinkaisirira kapu yobenthukayo. Ndili ndi zaka 15 ndinayesa kuwauza ndekha tikuyanika zovala. Anandidula, ati ndisanamizire mlongo wanga amene anawakhalira pamene ena ankathamangira magetsi a m'tauni. Inu munali pakhonde mukupukuta njinga, ndipo munamva. Nditabwerera kuno ndinayesanso kuwauza bambo. Sindinamalize n'komwe, anali atafika kale pachitseko.

Pamaliro a amayi, zaka zitatu zapitazo, m'holo ya kutchalitchi anthu akudya makeke, azakhali a Elfrieda ananena mokweza kuti taonani, wabwera uja anasankha. Ati maluwa ndabweretsa aakulu, kaya akwanira kukwirira zaka zonse zija. Anthu anaseka chamumtima, ena anayang'ana pansi. Inu munali mutaima pambali pawo, ketulo ya tiyi ili m'manja. Ndinakuyang'anani. Munathira tiyi m'kapu ya abusa, n'kunena kuti mukukaona ngati munatseka shedi.

Munali mwana wa zaka 12, ndikudziwa. Amene anatikhazika patebulo paja ndi bambo, ndipo zimenezo sindidzawakhululukira. Munthu wophunzira mpaka ku Zurich analephera kusuzumira pansi pa tebulo la m'nyumba mwake. Anasenzetsa ana katundu wake n'kuutcha ufulu, kenako n'kulembapo buku. Koma inu simunakhale ndi zaka 12 kwa zaka 35. Amayi anapita m'manda akudziwa kuti mwana wawo wamkazi anawayang'ana m'maso n'kuwakana. Chimenecho sichingakonzekenso, ndipo ndimakwiya nanu tsiku lililonse. Mlandu suola, achimwene.

Miyezi itatu ija sinathebe. Dzira sadziwa kuwiritsa mpaka lero, pamenepo pokha munanena zoona. Ndawaphikira, ndawachapira, ndawatayipira mabuku onena za ufulu wanga. Nditakwatiwa ndinapeza nyumba misewu iwiri kuchokera kwawo kuti ndizikawaona. Kamba amanyera amene wamutola. Ndipo choipa kwambiri n'choti sindikufuna kuti afe. Ndimadana nawo, komabe ndikudziwa kuti tiyi amamwa wopanda shuga, ndiponso kuti akamaopa amasisita chala chachikulu pa chikhadabo. Masiku ano akusisita mpaka pafiira.

Ndaganiza usana ndi usiku za yankho limeneli. Ndikati awang'ambe, n'kufera patebulo, adzati Noeleen anasankha. Ndikati asawang'ambe, n'kumawaona akutha mpweya mwezi ndi mwezi, adzatinso Noeleen anasankha. Azakhali a Elfrieda akadali ndi mano okwanira kunena zimenezo, ndipo mayi Ashby ali ndi kope. Ndinasenzapo kale chosankha chimodzi chimene sichinali changa. Chachiwiri sindisenza ndekha.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Musandiuze za malalanje, ana anu ndi akuluakulu, akhoza kuthyola popanda inu masiku atatu. Musandiuzenso za msana. Galimoto imene imafika ku Adelaide kukaonera mpira ikhoza kufikanso kuno. Mufike pasanadutse Lachinayi pa 22. Malo ogona alipo, a Gino achotsa kale makatoni m'chipinda cha kuseri, ndipo ati akakuonani mwina adzachita manyazi n'kukwera padenga.

Mukafika tidzakhala atatu, inu, ine ndi bambo. Mudzanene zinthu ziwiri ndi pakamwa panu. Choyamba, zimene zinachitika kushedi ndi pansi pa tebulo, kuti bambo amve asanafe kuti mutu woyamba wa buku lawo ndi phazi la mwana wa zaka 12. Akakumverani kapena ayi, zili kwa iwo, koma nthawi ino sangadzuke kukatsegula chitseko. Chachiwiri, maganizo anu pa za opaleshoni. Inu muyambe, monga munayambira tsiku lija. Ine ndidzanena anga pambuyo panu, ndipo anga enieni. Tikatero bambo adzamve ana awo onse awiri, n'kugwira cholembera okha ngati munthu wamkulu.

Mukapanda kubwera, ine sindinena kanthu kwa dokotala. Lachisanu lidzafika n'kudutsa, malo adzapatsidwa kwa wina. Bambo amaphunzitsa kuti kukhala chete nakonso n'kusankha, ndipo pa mfundo zawo zonse imeneyi yokha ndi imene ndinaiona ndi maso anga, chifukwa ndinaionera pa inu. Kukhala chete kumeneko kudzakhala kwanu, ndipo ulendo uno ndidzakulemberani dzina ndekha m'kope la mayi Ashby.

Dzulo bambo anandifunsa ngati mukubwera. Ati akufuna aone ngati munatengera manja a agogo. Ndinangowakonzera pilo. Katebulo ka m'chipatala ndakayang'ana bwino. N'kamwendo umodzi, kamatayala, ndipo kalibe nsalu. Mapazi a aliyense amaonekera.

Mundiperekere moni kwa alamu a Glenys, muwauze kuti sindinawakwiyire, ndikudziwa kuti bodza la shedi si lawo. Moni kwa ana anu onse awiri ndi akazi awo, ndi kwa kamdzukulu kanu kamene sindinakaonebe. Azakhali a Elfrieda muwapatse moni ngati mukufuna, ndipo kalatayi mukhoza kuwawerengera yonse. Mukadutsa kumanda muchotseko udzu pa amayi. Alamu anu a Gino akupereka moni.

Ndine mlongo wanu amene munamutuma,

Noeleen